Feteleza ndinathira, nanga chimanga chachitiranji chikasu?

Funso limeneli labwera kuchokera kwa alimi angapo a m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, ndipo bambo wina wa ku Chonde walifunsa atapsa mtima ndithu. Akuti NPK anathira chimanga chitangomera, yureya anathiranso chili m'mawondo, koma mvula ya mu February itagwa masiku otsatizana, mbali ya kumunsi kwa munda yachita chikasu. Chimanga chapinimbira, ndipo dzuwa likatuluka china chikumafota pamene madzi ali chiimire pakati pa mizere. Iwo akuti palibenso china, anawagulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga.

Bambo, feteleza wachinyengo amapezeka, makamaka uja woyezera m'mbale pamsika, koma uyu tisamunamizire. Thumba linali limodzi lomwelo. Akanakhala wabodza, kumtunda kwa munda kukanachitanso chikasu. Chimanga chakumunsicho chabanika. Ndikhalitsapo pang'ono pa nkhaniyi, chifukwa mafunso ena amene ndalandira, a ng'ombe, nsomba, tiyi ndi kasungidwe ka zokolola, gwero lake ndi lomweli.

Mbewu imadzipangira yokha chakudya m'masamba. Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo dzuwa likawala tsambalo limakoka mpweya woipa uja ife timatulutsa popuma, wotchedwa kaboni dayokosaidi, n'kuuphatikiza ndi madzi ochokera ku mizu. Chotuluka pamenepo ndi shuga. Shugayu ndi amene amasanduka phesi, mizu, ndi ufa wa m'njere. Mutayeza makilogalamu 100 a chimanga chouma pamodzi ndi mapesi ake, oposa 90 anachokera ku mpweya ndi madzi basi. Zochokera m'nthaka ndi m'thumba la feteleza n'zochepa, ngakhale kuti popanda izo tsamba siligwira ntchito.

Koma kukhala ndi shuga si kukhala ndi mphamvu. Taganizirani mbaula: makala angakhale a mtengo wabwino chotani, mukatseka kachitseko kolowera mphepo moto umazirala. Shuga nayenso amafuna mpweya wabwino, okosijeni, kuti atulutse mphamvu. Kumeneko ndiye kupuma, ndipo zomera ndi nyama zonse zimapuma usana ndi usiku. Tsamba limapuma, phesi limapuma, muzu nawo umapuma. Tsamba mpweya suliperewera. Muzu umadalira mpweya wokhala m'timipata ta dothi. Madzi akadzaza timipata tonseti, mpweya wotsalawo umatha m'masiku awiri okha, ndipo chimanga chaching'ono chimatha kuferatu chikamira masiku atatu kapena anayi. Muzu wobanika ulibe mphamvu yokoka feteleza, ulibenso mphamvu yokoka madzi amene. N'chifukwa chake mukuona chodabwitsa chija, mbewu kufota ili m'madzi.

Musangokhulupirira mawu anga. Zulani phesi limodzi kumtunda, lina kumunsi, mutsuke mizu yake m'ndowa. Ya kumtunda mupeza yoyera, yolimba, ya tiubweya tambiri. Ya kumunsi ikhala yofiirira kapena yakuda, yoterera, khungu lake likusendeka mukaikoka ndi zala. Nunkhizani dothi lomwe yatulukamo. Likamveka kafungo ka dzira lovunda ndipo mtundu wake watuwa, dziwani kuti mpweya unachokamo kalekale.

Pali vuto lachiwiri. Nayitrojeni wa mu yureya sakhazikika. Mvula ikachuluka wina amatsikira pansi kumene mizu sifika, ndipo m'dothi lomira tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa mpweya n'kuuluka. Choncho ndalama zina zapitadi, koma wakuba ndi madzi.

Chochita lero ndi khasu, osati thumba lina la feteleza. Tsegulani kangalande kuti madzi atuluke, ndipo ngati munatseka mizere kuti isunge madzi, bowolani mbali ya kumunsi. Upangiri wotseka mizere ndi wabwino pa malo ouma ndi chaka cha ng'amba, koma pa dothi la makande chaka cha mvula yambiri umapha mbewu. Mlangizi amene amapereka upangiri umodzi pa munda uliwonse sakukuthandizani. Dothi likatsanula madzi, dikirani masiku angapo, muzulenso phesi lina. Mukaona timizu tatsopano toyera ndipo chimanga sichinamasule, thirani yureya pang'ono n'kukwirira. Ngati chinamasula kale ndevu n'kuyamba kuuma, sungani ndalama zanu. Kuthira yureya m'madzi oima n'kungotaya.

Chaka chamawa mbali imeneyo muiganizire mwina. Kwezani mizere, onjezerani manyowa okhwima, chifukwa manyowa ndi amene amamasula dothi kuti likhale ndi mipata. Bzalanimonso nandolo: muzu wake wautali umaboola chidothi cholimba chija chimapangika pansi pa mizere tikamalima ndi khasu mulingo umodzimodzi chaka ndi chaka. Ngati malowo amamira chaka chilichonse, lekani kulimbana nawo, ikanipo mpunga. Mpunga uli ndi tinjira m'kati mwa phesi totsitsira mpweya ku mizu, n'chifukwa chake umakondwa pamene chimanga chimafa. Amene minda yawo inakwiririka ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonanso zofananazi: matope osalala aja akauma amamata pamwamba, mbewu n'kumavutika mpaka dothi litagaulidwa n'kusakanizidwa ndi zinyalala.

Mayi wina wa ku Masambanjati wafunsa funso lomweli, koma munda wake uli pamtsetse, madzi saima. Mayi, kwa inu tiwerenge tsamba. Chikasu chikayambira masamba akunsi, kuchokera kunsonga n'kumatsata mtsempha wapakati, ndi njala ya nayitrojeni. Mbewu ikumuchotsa m'masamba akale kuti idyetse atsopano. Chikayambira masamba anthete a pamwamba, akunsi ali obiriwira, kawirikawiri ndi salufa. Mizere yotuwa m'mbali mwa mtsempha wapakati pa masamba anthete imaloza zinki, ndipo n'chifukwa chake pa thumba la NPK wa masiku ano pamalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn (Zn ndiye zinki, S ndiye salufa), pamene wakale uja anali 23:21:0+4S. Masamba akapsa m'mphepete ndi potaziyamu. Koma chimene ndimachiona kwambiri m'mapiri a Thyolo ndi chimanga chaching'ono cha masamba ofiirira moderako, chosafuna kukula. Kumeneko n'kusowa fosiforasi, ndipo nthawi zambiri fosiforasiyo alimo m'nthaka, koma dothi lofiira lowawasa lamugwira.

Dothi lathu kuno ndi lowawasa chifukwa mvula yambiri imatsuka mchere wa m'nthaka. Tiyi amalikonda lotero, pa 4.5 mpaka 5.5 pa muyeso wa kuwawasa kwa dothi wotchedwa pH (nambala ikamatsika, kuwawasa kukukula). Chimanga, nyemba ndi soya zimavutika pH ikatsika kupitirira 5.5. Ndiye munda kukhala moyandikana ndi esiteti ya tiyi wobiriwira bwino si umboni woti chimanga chichitanso bwino. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda ndi manyowa, koma musathire mongoganizira. Pemphani alangizi a m'dera lanu akuthandizeni kutenga dothi likayezedwe ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Ndi pafupi pompa, koma alimi ambiri amangodutsa pa minibasi.

Tsopano a ng'ombe za mkaka, amene malo odyetsera mulibe ndipo mumasadza masamba a chimanga chili m'munda. Mwafunsa ngati zimenezi zimachepetsa zokolola. Zimatengera tsamba lake ndi nthawi yake. Njere zimadzazidwa ndi shuga wochokera ku tsamba la pa chisononkho ndi masamba a pamwamba pake. Amenewo musawakhudze mpaka njere zitalimba. Akunsi oyamba kale kufota mukhoza kutenga. Chimodzimodzi chigwada ndi kholowa: ndiwo n'zofunika, koma mukamathyola nsonga sabata ndi sabata, musadzadabwe pokumba.

Mayi wa m'gulu la mkaka cha ku Goliati wanena kuti ng'ombe yake inatupa mimba m'mawa wina atangoipatsa nsenjere yanthete yonyowa ndi mame pamodzi ndi masamba a khobwe. Inayamba kupuma ndi kukamwa, lilime panja. Inapulumuka, koma akufuna kudziwa chinachitika n'chiyani, popeza chakudyacho chinali chabwino.

Chinalidi chabwino, mayi, koma chinalowa mofulumira m'mimba yopanda kanthu. Chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi. Choyambacho n'chachikulu, chimatha kunyamula malita oposa 100 pa ng'ombe yaikulu, ndipo m'menemo muli tizilombo tosawerengeka tomwe timasasitsa udzu. Kunena zoona, mukamadyetsa ng'ombe mumadyetsa tizilomboti, ito n'kumadyetsa ng'ombe. Pogwira ntchito yake timatulutsa mpweya wochuluka, malita 30 kapena kuposerapo pa ola, ndipo ng'ombe imautaya pogeya pafupifupi mphindi iliyonse. Khalani chete pafupi ndi khola madzulo ikamabzikula, mudzamva. Msipu wanthete wonyowa, makamaka wa gulu la nyemba, umasasa msanga n'kupanga thovu. Mpweya ukakodwa m'thovu sugeyeka. Chifu chimafufuma, chimapanikiza mapapo, ndipo ng'ombe imafa chifukwa cholephera kupuma, osati chifukwa cha poizoni.

Poyang'ana ndi kumanzere, pa kadzenje kaja pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Pakatukuka n'kulimba, musachedwe. Imitsani ng'ombe miyendo yakutsogolo ili pokwera, imwetseni mafuta ophikira kapu imodzi kapena awiri kuti aphwanye thovu, ndipo muiyendetse pang'onopang'ono. Pomwetsa musakweze mutu kwambiri, musagwirenso lilime. Mafuta akalowera ku mapapo mwaputa chibayo. Kamtengo komangirira mopingasa m'kamwa kamathandiza kuti izitafuna n'kutulutsa malovu. Tumani mwana akaitane alangizi a ziweto nthawi yomweyo. Kuboola mimba ndi ntchito yawo, osati ya mpeni wa kukhitchini.

Chenjezo limodzi, poti kuno mango ndi mapeyala n'zosasowa. Nthawi zina ng'ombe imatupa chifukwa bango, nthanga ya peyala kapena mbatata yaima pakhosi. Imeneyo imachucha dovu kwambiri n'kumatambasula khosi. Musaimwetse chilichonse, palibe kolowera. Itanani adokotala a ziweto basi.

Kupewa n'kosavuta. Nsenjere yodula m'mawa ifote kaye pamthunzi, muipereke masana. Yambani ndi zouma, mapesi oduladula kapena udzu wofutsa, kenako zaziwisi. Chakudya chatsopano chilichonse chilowe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena awiri kuti tizilombo tija tizolowere. Madeya musakhuthule onse kamodzi, agaweni pa nthawi zokama. Ng'ombe kapena mbuzi imene yathyola chitseko n'kukhuta madeya imadwala koopsa, chifu chimachita asidi. Tolaninso majumbo pabwalo, chifukwa akamezedwa sagayika. Ndipo madzi asasowe m'khola: mkaka wokhawo, pa malita 100 alionse, pafupifupi 87 ndi madzi.

Wa nkhumba ku Thekerani amene wafunsa za makoko a chinangwa chowawa: aumitseni padzuwa mpaka aziphwanyika, kapena muwaviike masiku angapo n'kutaya madziwo. Aawisi ali ndi poizoni amene amaletsa thupi kugwiritsa ntchito okosijeni. Chiweto chimapuma mwabefu, mpweya ukulowa bwinobwino m'mapapo, koma mnofu sukuulandira. Chimagwa mwadzidzidzi. Mphukira za mapira odulidwa zili ndi poizoni yemweyu, mbuzi ndi ng'ombe zisadyeko.

Bambo wina wa kufupi ndi mtsinje wa Likhubula ali ndi damu la makumba ndi chilunguni. Akuti m'bandakucha amapeza nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula, ndipo poganiza kuti ndi njala amazithirira madeya ambiri, koma sizidya, zina zikufa. Bambo, nsombazo sizikupempha chakudya. Zikufuna mpweya, ndipo madeya mukuthirawo akuwonjezera vuto.

Kubiriwira kwa madzi a m'damu ndi ndere zing'onozing'ono, zomera zenizeni, ndipo ndi chakudya cha nsomba. Masana zimatulutsa okosijeni wambiri m'madzi. Dzuwa likalowa zimaleka kutulutsa koma kupuma sizileka. Usiku wonse ndere zikupuma, nsomba zikupuma, tizilombo toola madeya ndi manyowa pansi pa damu tikupumanso. Pofika m'mamawa mpweya watha. Kukakhala chiperoni masiku angapo dzuwa osaoneka, ndiye zimanyanya, chifukwa ngakhale masana ndere sizibweza mpweya wokwanira. Mlamba sudandaula, uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja. Makumba alibe mwayi umenewo.

Mukaona zimenezi lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa kwa masiku angapo, lowetsani madzi atsopano, ndipo ngati n'kotheka azigwera m'damu kuchokera pamwamba kuti azithovoka. Poyesa kubiriwira, pisani mkono mpaka m'chigongono. Zala zikamaoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Zikasowa mkono usanafike pakati, manyowa achuluka. Zikamaoneka mbee, onjezerani. Dyetsani dzuwa litakwera, cha m'ma 10 koloko ndi cha m'ma 2 kapena 3 masana, ndipo muzithira zimene nsomba zingamalize. Nsomba zikachulukana chifukwa choswana, patulani. Damu lodzaza tiana limatha mpweya msanga ndipo palibe imene imakula.

Za anapiye ndinena mwachidule, poti nyengo yozizira ya June ndi July ikubwera. Amene mumawatenthetsa ndi mbaula, yatsirani makala panja mpaka ayake bwino, ndipo siyani mpata pamwamba pa khola. Makala oyaka m'chipinda chotsekeratu amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Umapha anapiye, umaphanso munthu wogona momwemo powalondera. Mukalowa m'khola maso n'kuyamba kuwawa, ndi fungo la zitosi m'utuchi wonyowa, ndipo likuwotcha njira yopumira ya nkhuku zimene mphuno zake zili pansi penipeni. Sinthani utuchiwo.

Mlimi wa tiyi wa cha ku Limbuli wadandaula kuti masamba ake anabwezedwa pasikelo ati afiira, pamene iye anathyola bwino, masamba awiri ndi kansonga. Tsamba likathyoledwa silinafe. Likupumabe, ndipo popuma limatulutsa kutentha. Mukalipondereza m'dengu kapena kulitsendera m'thumba la feteleza kuti lilowe lambiri, kutenthako kumasowa kotulukira. Pisani dzanja pakati pa thumba lotero pakatha maola awiri, mudzamva kufunda kwake. Tsamba lofinyika ndi lotenthedwa limayamba kufiira lisanafike ku fakitale, ndipo tiyi wake satuluka bwino. Pamenepa kalaliki wa pasikelo sanakulakwireni. Musatsendere, yalani masamba pamthunzi mosaunjika, muziwatembenuza poyembekezera galimoto. Chizolowezi chowaza madzi kuti sikelo ilemere ndimadana nacho: tsamba lonyowa lounjikana limawonongeka msanga, ndipo mitengo ikatsika amalira ndi gulu lonse. A tomato ndi masamba a pamsika wa Bvumbwe, nkhani yake ndi yomweyi. Dengu kapena kireti yolowa mphepo pamthunzi, osati jumbo yomanga padzuwa.

M'nkhokwe mokha ndi m'mene timafuna kuti kupuma kuchepe. Agogo ena a ku Luchenza afunsa chifukwa chake chimanga chawo chimafunda m'matumba n'kuchita chuku, komanso ngati matumba a PICS, aja osungira zokolola osalowa mpweya, amagwiradi ntchito popanda mankhwala. Agogo, njere ya chimanga ndi yamoyo. Ikauma bwino imapuma pang'ono kwambiri moti imatha chaka ili chigonere. Ikakhala ndi chinyezi imapuma mwamphamvu, n'kumadya ufa wake womwe, kutulutsa kutentha ndi thukuta. Pamenepo chuku ndi anankafumbwe apeza pokhala. Chuku china chimasiya poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Chimanga chotero musapatsenso ng'ombe ya mkaka, poizoniyo amadutsira mu mkaka.

Chinyezi chifike pa 13 peresenti kapena kutsikirapo. Kuno kumene May ndi June amabwera ndi mitambo ndi mvula yowaza, kuumitsa kumafuna khama: yanikani pa mkeka kapena pa lona, osati pa dothi, ndipo muzilowetsa madzulo. Poyesa tengani botolo louma la galasi, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma bwino masupuni awiri. Tsekani, khutchumulani, lisiyeni kanthawi, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa.

Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku America, amagwiradi ntchito. Ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino, anankafumbwe amene analowa ndi chimanga amapuma mpweya wotsalawo mpaka kuutha, kenako amaleka kudya ndi kuswana, n'kufa. Koma thumbalo siliumitsa chimanga. Mukaikamo chonyowa mudzatsegula chovunda. Musanathire, yang'anani pepala lililonse ngati lili ndi kabowo. Finyani mpweya utuluke, mupotokole ndi kumanga pepala lililonse palokha, loyamba, lachiwiri, kenako saka. Sanjikani pa mathabwa kapena timitengo, motalikira khoma, chifukwa khoswe akangoboola ntchito yonse yatha. Chimanga chodya mwezi uno chikhale m'thumba lina, kuti la PICS lisamatsegulidwe sabata iliyonse popita kuchigayo.